Mutu 6: Chipinda cha Oitanidwa Okha

1. Manambala a malume

Kusukulu konse ankamutchula kuti Kapensulo. Anali mtsikana wamtali, wochepa thupi, wa mu Fomu 3, ndipo sankasiyana ndi cholembera. Ankalemba kumapeto kwa makope, pa mapepala okulungira buledi, ngakhale pa manyuzipepala amene mayi ake ankadulirapo mapatani a madiresi.

Mayi akewo anali telala. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yawo. Munali makina osokera, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi galasi lalikulu long'aluka pakona.

Lolemba lina masana kunabwera malume ake, atanyamula thalauza lofuna kufupikitsidwa. Iwo ankakonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi siteji ya basi.

"Achemwali, mwana wanuyu akadalembabe pa mapepala a buledi?" anafunsa malumewo akukhala pa mpando wa makasitomala.

"Mufunseni mwini wake," anayankha mayi aja, mapini ali kukamwa. "Dzulo ndapeza ndakatulo pa patani ya mkono."

Malume anaseka, kenaka anatulutsa kapepala m'thumba la malaya. Panali manambala asanu ndi atatu.

"Tamvera, Kapensulo. Anzanga ena akupanga tsamba latsopano la pa intaneti. Munthu umakhala ndi malo akoako, n'kumalembapo nkhani zako, ena n'kumawerenga ndi kuikapo ndemanga. Koma silinatsegulidwe kwa aliyense. Akuliyesa kaye kuti aone pomwe likulakwika. Panopa muli anthu mazana awiri okha, ndipo aliyense analowa mochita kuitanidwa."

"Chipinda!" anafuula Kapensulo. "A malume, mukunena Chipinda?"

Umu ndi momwe ana asukulu ankalitchulira tsambalo. Aliyense ankalikamba, koma pasukulu pawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atalowamo.

"Ndi chomwecho. Manambala awa ndi chiitano chako. Ukatha sabata uli mkati, nawenso adzakupatsa chiitano choti uitanire munthu wina. Chimodzi chokha, wamva? Usankhe munthu woti ukamusiya yekha m'nyumba mwako, sungabwerere kudzawerenga masupuni."

Kapensulo anagwada, n'kulandira kapepalako ndi manja awiri.

2. Kuseri kwa labu

Kutacha, Kapensulo anafika kusukulu belu lisanalire. Nkhaniyo sanaiuze aliyense kupatula mnzake wa pa desiki imodzi, amene anzake ankamutchula kuti Magalasi chifukwa cha magalasi ake okhuthala. Awiriwa anayamba kukhalira limodzi kuyambira Sitandade 5. Magalasi ankalemba ndakatulo, koma ankazionetsa kwa Kapensulo yekha.

Pa buleki anakakhala kuseri kwa labu ya sayansi, pomwe panali mthunzi.

"Chiitano changa chikangofika, ndi chako," anatero Kapensulo. "Ndalumbira. Ndakatulo zako zija zisamangodyedwa ndi mphemvu m'chikwama."

Magalasi anamwetulira pang'ono, koma maso ake anali pansi. Ankangokanda dothi ndi kamtengo.

"Iwe, watani? Ndimayesa ulumpha ndi chimwemwe."

Magalasi anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu.

"Ndikuuze chinthu, koma chithere pompano. Lachinayi lapitali aphunzitsi anandituma ku laibulale ya m'tauni kukabweza buku. Ndinapeza adadi atakhala pafupi ndi zenera, teni koloko m'mawa."

"Si amagwira ntchito ku fakitale ya nsapato?"

"Anawachotsa. Patha masabata atatu. M'mawa uliwonse amavala tayi, n'kunyamula chikwama, n'kutsanzika ngati akupita kuntchito. Amakakhala ku laibulale n'kumafufuza ntchito m'manyuzipepala mpaka madzulo."

"Nanga amayi ako?"

"Sakudziwa. Ukudziwa kuti amadwala kuthamanga magazi. Chaka chatha anagwa kubafa. Adadi anandigwira dzanja n'kunena kuti, 'Mwana wanga, ndipatse mwezi umodzi. Ndikapeza ina ndidzawauza ndekha.' Ine ndikulephera kudya, Kapensulo. Ndimangowayang'ana amayi akusita malaya aja."

Kapensulo anamugwira paphewa.

"Sindiuza munthu," anatero.

3. Bambo wa tayi yofiira

Masiku awiri oyamba mu Chipinda anali owawa. Kapensulo analemba nkhani ya mvula, ndipo anaiwerenga anthu atatu. Analemba ina ya mzere wa pa siteji ya basi, n'kuiwerenga anthu awiri. Mmodzi mwa awiriwo anali malume ake.

Anthu ena mu Chipindamo anali akuluakulu: anamwino, aphunzitsi, ophunzira a ku koleji. Nkhani zawo zinkakhala ndi ndemanga makumi awiri kapena atatu. Pansi pa nkhani za Kapensulo panali mbee.

Lachinayi ataweruka, m'malo molunjika kunyumba, anadzera ku laibulale. Anaima kuseri kwa shelefu ya mabuku a sayansi n'kusuzumira.

Bambo ake a Magalasi analidi pomwepo, pafupi ndi zenera. Anavala malaya oyera ndi tayi yofiira yokhala ndi kachipsera ka simbi kumunsi. Pambali pawo panali chikwama chofiirira chomwe chogwirira chake chinali chomangidwa ndi waya. Ankatsata mizere ya nyuzipepala ndi chala, n'kumakopera maadiresi m'kabuku. Itakwana hafu pasiti folo anayang'ana wotchi, anakonza tayi, n'kutuluka akutsimphina pang'ono mwendo wamanzere. Pakhomo anamuchitira sailuti mlonda, monga ankachitira ndi ana onse a mumsewu wawo.

Kapensulo atafika kunyumba anatsuka mbale mofulumira, n'kukhala pakhonde ndi foni yakale imene malume anamupatsa. Analemba osapumira. Dzina la bamboyo sanalitchule, koma tayi, chikwama, mwendo ndi sailuti zonse anaziikamo. Anaikamonso mkazi amene amasita malaya m'mawa uliwonse osadziwa kanthu. Mutu wake anauika kuti "Bambo wa Tayi Yofiira."

Chala chake chinaima kaye pamwamba pa batani lotumizira.

"Muli anthu mazana awiri okha," anadzilankhulira. "Palibe amene akuwadziwa."

Anadina.

Pofika Loweruka, nkhaniyo inali ndi ndemanga makumi asanu ndi awiri. Namwino wina analemba kuti analira. Mphunzitsi wina anafunsa kuti, "Kodi wolemba ameneyu ndi mwana wasukulu zoona?" Eni tsamba anaiika patsogolo penipeni, pomwe aliyense wolowa ankayambira kuona.

4. Tepi ya telala

Loweruka lomwelo masana, Kapensulo anali m'kachipinda kosokera, akusokerera mabatani pa mayunifolomu. Foni inali pamwendo, ndipo ankangoti akasoka batani limodzi, n'kuisuzumira.

"Kodi foniyo ikukutekenya?" anafunsa mayi ake. "Wakhala ukuseka wekha kuyambira m'mawa."

"Nkhani yanga yatchuka, amayi. Anthu akuti ndine wolemba weniweni."

"Tatiwerengere nafenso osaitanidwafe."

Kapensulo anayamba kuwerenga monyadira, makina akulira. Atafika pa chikwama chomangidwa ndi waya, makinawo anachepa liwiro. Atafika pa sailuti, anasiyiratu.

"Bamboyu ndikumudziwa," anatero mayi aja. "Kolala ya malaya oyerawo ndinaitembenuza ndine. Awa ndi bambo ake a mnzako."

"Koma dzina sindinalembe, amayi."

"Wakuuza zimenezi ndani?"

Kapensulo anabisa foni pansi pa yunifolomu.

"Ndi mnzako, eti? Ndiye anakuuza kuti ukalembe?"

"Ayi. Koma Chipinda n'chotseka, amayi. Amalowamo oitanidwa okha."

Mayi aja anachotsa tepi yoyezera m'khosi, n'kuiika patebulo. Anatembenuza mpando wawo kuti ayang'anizane naye.

"Mwanawe, taona tepi iyi. Ndakhala nayo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tepi iyi imadziwa zinthu zimene amuna a anthu sadziwa. Mayi akabwera kuti ndimukulitsire siketi m'chiuno, ine ndimadziwa kuti ali ndi pakati apongozi ake asanamve. Bambo akabwera kuti ndimuchepetsere thalauza kachiwiri m'miyezi itatu, ndimadziwa kuti m'thupi mwake simuli bwino. Ndaonapo zipsera pamsana pa akazi amene amayenda mumsewu akuseka. Unandimvapo ndikukamba zimenezi, ngakhale kwa iwe mwana wanga wobereka ndekha?"

"Ayi, amayi."

"Ndipo sikuti ndilibe pakamwa. Nkhanizo n'zokoma kukamba, ndipo anthu akanadzaza chipinda chino kudzamvera. Koma munthu akakuvulira malaya kuti umuyeze, wakukhulupirira. Si iwe mwini wa zomwe waonazo. Wangosungitsidwa. Mnzako uja anakuvulira mtima wake chifukwa unamulemera, ndiye iwe watenga n'kukayanika kuti anthu akuombere m'manja.

"Ukuti n'chotseka. Anthu mazana awiri ali ndi pakamwa mazana awiri. Aliyense ali ndi mlongo wake, ali ndi mnzake wa pamtima amene amamuuza zonse, monga momwe mnzako anakuuzira iwe. Ine chipinda chino ndimatseka chitseko ndikamayeza munthu, koma makatani ndimakokanso, chifukwa ndikudziwa kuti chitseko chokha sichikwanira.

"Luso uli nalo, sindikukana. Ndamva momwe walembera, mpaka ndamuona bamboyo akuyenda. Koma n'chifukwa chake ndikuopa. Ukanalemba mosalongosoka, palibe akanamuzindikira. Mayi ake a mnzako ndi odwala. Ukufuna nkhani imeneyi aimvere kwa anthu a mumsewu? Ifufute lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

"Ndifufuta, amayi."

Mayi aja anabwerera ku makina. Kapensulo anatsegula foni, n'kupeza ndemanga zina zinayi zatsopano. Anaziwerenga zonse, ina mpaka kawiri. Kenaka anaika foni m'thumba n'kutola batani lina.

Dzuwa linalowa nkhaniyo ikadali pomwepo. Lamulungu linadutsanso chimodzimodzi.

5. Chiitano chimodzi

Lolemba m'mawa uthenga unafika pa foni: "Mwatha sabata muli nafe. Nachi chiitano chanu. Itanani munthu mmodzi."

Kapensulo anakopera manambalawo pa kapepala n'kukabisa m'buku la masamu. Atalowa m'kalasi anapeza Magalasi atafika kale, kabuku ka ndakatulo kali pa desiki.

"Ndasankha zitatu zoyambira," ananong'ona Magalasi. "Lero ndi tsiku lija, eti? Chafika?"

Kapensulo anayang'ana kabukuko. Aliyense wolowa mu Chipinda ankayamba waona nkhani ya patsogolo, ndipo nkhaniyo inali "Bambo wa Tayi Yofiira." Kuti Magalasi alowe, nkhaniyo inayenera kuchoka kaye, pamodzi ndi ndemanga zake zonse.

"Sichinafike," anatero Kapensulo akutsegula chikwama. "Akuti ayamba aimitsa zoitana anthu. Pali zina zikuvuta."

"Oo." Magalasi anabweza kabuku kake m'chikwama mwakachetechete. "Palibe kanthu. Ndidikira."

Pa buleki Magalasi anapita kukamwa madzi. Pomwepo panafika mtsikana wa mu Fomu 4 amene ankadziwika kuti Fasho, chifukwa yunifolomu yake inkakhala yosiyana ndi ya wina aliyense. Iye ndiye anali mkonzi wa magazini ya sukulu.

"Iwe ndiye Kapensulo? Ndamva kuti uli mu Chipinda."

"Wakuuzani ndani?"

"Msuweni wanga amakonzetsa foni kwa malume ako. Tamvera, ine ndakhala ndikufunafuna chiitano mwezi wathunthu. Ukandipatsa, tsamba lapakati la magazini ya temu ino ndi lako. Chithunzi chako pamwamba, dzina m'zilembo zikuluzikulu."

Kapensulo anayang'ana kumpopi. Magalasi anali atawerama, akutsuka magalasi ake.

"Mumakhala mbali iti?" anafunsa.

"Kutsidya kwa njanji. Bwanji?"

Kutsidya kwa njanji kunali kutali ndi msewu wa kwa Magalasi. Fasho sakanamudziwa bambo wa tayi yofiira.

Kapensulo anatsegula buku la masamu, anatulutsa kapepala kaja, n'kukaika m'manja mwa Fasho.

"Koma musauze munthu kuti ndakupatsani ndine. Ndiponso zam'katimo sizituluka kunja. Ndi lamulo lawo."

"Usadandaule, mng'ono wanga," anatero Fasho akupinda kapepalako. "Ine ndi manda."

6. Lachitatu

Fasho sanali mtsikana wankhanza. Nkhani ija ataiwerenga inamukhudza kwambiri, moti anaona kuti n'kulakwa kuti anthu ena asaione. Lachiwiri madzulo anaijambula pa foni yake, zithunzi zinayi, n'kuzitumiza ku gulu la pa foni la olemba magazini. Pamwamba analemba kuti, "Onani zomwe akulemba mwana wa pasukulu pathu pano!"

Wina wa m'gululo anazitumiza ku gulu la Fomu 3. Kumeneko mnyamata wina wokhala mumsewu wa kwa Magalasi anafunsa funso limodzi lokha: "Kodi awa si bambo ake a Magalasi?"

Lachitatu m'mawa Kapensulo atalowa m'kalasi, phokoso linazima. Mnyamata wina wa kumbuyo anaimirira, anachita sailuti, n'kuyenda motsimphina mpaka pa bolodi. Ena anaseka. Ena anayang'ana kumbali.

Magalasi anali pa desiki yawo, chikwama chili pamwendo, osatulutsa buku ngakhale limodzi.

"Magalasi," anayamba Kapensulo.

"Unapita kukawaona?" Mawu ake anali otsika, osanjenjemera. "Za kachipsera ka pa tayi ine sindinakuuze. Unachita kupita kukawaonerera adadi anga ngati nyama ya kumalo osungira nyama?"

"Sindinatchule dzina. Ndimaganiza kuti..."

"Fasho walowa bwanji mu Chipinda?"

Kapensulo anayang'ana chikwama chake.

"Chiitano unali nacho," anatero Magalasi. "Lolemba lija unali nacho m'chikwama, ine ndikukuonetsa ndakatulo zanga."

Anaimirira, anakoleka chikwama paphewa, n'kutuluka. Pakhomo anaphonyana ndi aphunzitsi a masamu, amene anamuitana kawiri, koma iye sanacheuke.

Tsiku lonse malo a pambali pa Kapensulo anali opanda munthu. Fasho anabwera pa buleki maso ali ofiira, akuti sankadziwa kuti nkhaniyo ndi ya munthu weniweni. Kapensulo anamufulatira. Mafoni sankaloledwa kusukulu, choncho sakanachita kanthu mpaka belu lomaliza.

Ataweruka anathamangira kunyumba, anatenga foni pansi pa pilo, n'kutsegula nkhani ija. Anadina batani lofufutira. Panatuluka mawu akuti: "Pepani, batani ili silinayambe kugwira ntchito. Tikulikonza."

Anadinanso. Mawu anali omwewo.

7. Pa benchi ya malume

Kashopu ka malume kanali kodzaza ndi mafoni otsegulidwa mimba, mawaya ndi timabotolo ta tizitsulo. Malumewo anali atawerama pansi pa nyale, akuwotcherera kanthu kakang'ono. Kapensulo anafika akupuma mwawefuwefu, n'kufotokoza zonse, osabisa ngakhale bodza la Lolemba lija.

Malume anazimitsa chowotcherera. Anaimba foni kwa mnzawo wa ku tsamba lija, n'kulankhula naye mwachidule.

"Aichotsa okha pasanathe ola," anatero atadula foni. "Ndipo malo ako awatseka kaye, chifukwa amene unamuitana waswa lamulo. Khala pa benchipo."

Kapensulo anakhala, misozi ikutsika.

"Zikomo, a malume. Bola ichoke."

"Usathokoze msanga. Ichoka mu Chipinda, inde. Nanga m'mafoni a anzako ichoka bwanji? Ine ntchito yanga ndi imeneyi, mwana wa mlongo wanga. Tsiku lililonse kumabwera anthu pano akulira kuti, 'Ndichotsereni chithunzi chakuti.' Ndimawachotsera mu foni yawo, koma ndimawauza zoona: chinthu chikangofika mu foni yachiwiri, palibe mmisiri padziko pano amene angachibweze. Panopa zithunzi zinayi zija zili m'mafoni angati? Makumi asanu? Zana? Ana amenewo ali ndi makolo, ndipo makolowo amagula pa msika umodzi ndi mayi ake a mnzako.

"Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinakuuza za munthu woti umuitane, koma sindinakuuze za zinthu zoti ulembe. Ndinaiwerenga nkhaniyo Lachisanu, ndinanyadira, ndimayesa waipeka. Koma iwe unkadziwa kuti sunapeke. Amayi ako anakuchenjeza Loweruka. Ukanabwera tsiku lomwelo, bwenzi titaimba foni yomweyi nkhani isanatuluke. Unali ndi masiku atatu athunthu, ndipo tsiku lililonse unkasankha ndemanga.

"Tsono usandifunse za mabatani. Batani la zimenezi kulibe. Chatsala n'chakuti upite ndi miyendo yako kwa eni nkhani, ukanene ndi pakamwa pako kuti walakwa. Ukakapeza mnzako, umupemphe kuti akawapeze bambo ake ku laibulale, kuti iwo akawauze okha akazi awo anthu ena asanawauze. Mwina nthawi ikadalipo. Mwina."

"Mundiperekeze, a malume."

"Polemba unali wekha," anatero malume. Kenaka anayang'ana nkhope yake, n'kupumira m'mwamba. "Ndikadziwitsa amayi ako, tikupeza komweko. Koma pakhomo ukagogoda ndiwe. Nyamuka."

8. Pakhomo

Nyumba ya kwa Magalasi inali yachinayi mumsewu wa kuseri kwa chigayo. Kapensulo ankaidziwa ngati kwawo. Nthawi inali itangopitirira hafu pasiti folo.

Pa geti anakumana ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba akutuluka, foni ili m'manja. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kudutsa osamupatsa moni.

Kapensulo analowa pabwalo. Anafika pakhomo n'kugogoda.

"Odi."

Anatsegula ndi mayi ake a Magalasi. Nkhope yawo inali yotuwa, ndipo dzanja limodzi linagwira mphuthu ya chitseko. Kumbuyo kwawo, pa tebulo la pabalaza, panali botolo la mankhwala lotsegula ndi kapu ya madzi. Magalasi anali atakhala pansi pakona, magalasi ali m'manja, maso otupa.

Kapensulo anagwada pakhomo pomwepo.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Ndine amene..."

"Ndikudziwa. Andionetsa." Mayiwo analankhula pang'onopang'ono, ngati mawu aliwonse akuwalemera. "Mwana amene wakhala akudya m'nyumba muno kuyambira ali ndi mano a mkaka. Ndamufunsa mnzakoyu ngati zili zoona, akungolira. Ndiye ndikufunsa iwe, poti ndiwe unawaona ndi maso. Amuna anga amakakhala ku laibulale?"

Kapensulo anayang'ana kwa Magalasi. Magalasi anayang'ana kukhoma.

"Eya, amayi."

Mayiwo anatseka maso kwa kanthawi. Kenaka anasuntha pakhomo.

"Lowa. Ukhale apo. Foni yako uli nayo?"

"Ndili nayo."

"Nkhaniyo ikadalimo?"

Kapensulo anatsegula foni. Nkhaniyo inali isanachotsedwe.

"Ikadalimo, amayi."

"Chabwino. Ine sindiwafunsa kanthu. Anthu onse a mumsewu uno awerenga za amuna anga, eni ake okha ndiwo sanamve. Akalowa, uwawerengera wekha, mokweza, kuyambira pa mutu mpaka pomaliza. Usadumphe mzere."

"Amayi, chonde!" analira Magalasi.

"Iwe khala chete. Nawenso tikambirana."

Mayiwo anakhala pa mpando moyang'anizana ndi chitseko, manja ali pamwendo. Kapensulo anakhala m'mphepete mwa mpando, foni ili m'manja mwake.

Patapita mphindi zingapo geti inalira. Panamveka mapazi pabwalo, kenaka kupukuta nsapato pa chiguduli cha pakhomo.

"Odi kuno, eni nyumba!" anatero bambo ake a Magalasi mwansangala, akukankha chitseko. "Mayi, tandiikirani madzi a tiyi. Lero kuntchito sitinapume n'komwe."